Za Dzina la Mulungu ndi Anthu Ake

M'mudzi wina wa m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama munali mkulu amene anaphunzitsa sukulu zaka zambiri, napuma atakalamba. Mkuluyu anali ndi ana aamuna awiri amene analeka kudyera mbale imodzi chifukwa cha dzina la Mulungu. Wamkulu analowa mpingo wophunzitsa kuti munthu wosatchula dzina lenileni la Mulungu sawerengedwa mwa anthu ake. Wamng'ono anakhalabe mu mpingo wa makolo, namauza anthu kuti mbale wake wasokera. Pa maliro a mai wao anaima motalikirana, ndipo mudzi wonse unaona, nuchita manyazi.

Maliro atatha, mkuluyo anawaitanira pakhonde, nawafunsa kuti, "Ana anga, zaka zonse zija, kodi munawamvapo mai anu akunditchula dzina?" Iwo anati, "Iai, bambo, anali kutchula mfunda wanu wokha." Iye anati, "Nanga mukuti sanali kundidziwa?" Anawo anakhala chete, pakuti anadziwa kuti mwa Achewa kusatchula dzina la munthu wamkulu ndiwo ulemu, monga mkamwini sachita chibwana ndi dzina la apongozi ake.

Funso la mkuluyu lifika pa mtima pa nkhani yakale kwambiri. Buku la Eksodo lisimba kuti Mose anali kuweta nkhosa za mpongozi wake Yetero ku Horebe pamene Mulungu anamuululira dzina lake pa chitsamba choyaka moto. M'Chihebri dzinalo lilembedwa ndi zilembo zinai, YHWH, ndipo lipezeka koposa ka 6,800 m'Chipangano Chakale. Ngakhale adani a Israyeli analidziwa. Mesa, mfumu ya Moabu, analilemba pa mwala wake ngati zaka 840 Khristu asanabadwe, ponyadira kuti anagonjetsa Aisrayeli. Mwalawo unapezeka ku Dhiban mu 1868, ndipo usungidwa ku Paris.

Patapita nthawi Ayuda analeka kutchula dzinali pa zokamba zao, kuopa kulipeputsa. Pofika pa zilembo zinai zija anali kuwerenga Adonai, ndiko kuti Ambuye. Linali kumveka m'Kachisi wa ku Yerusalemu, makamaka pakamwa pa mkulu wa ansembe pa Tsiku la Chitetezo. Aroma atapasula Kachisiyo m'chaka cha 70, katchulidwe kake kanazimirira, popeza Chihebri chakale sichinali kulemba zilembo za liwu. Pambuyo pake alembi Achiyuda anaika timadontho pa dzinalo tokumbutsa wowerenga kuti anene Adonai. Anthu a ku Ulaya anawerenga zilembozo ndi timadonthoto pamodzi, ndipo panatuluka Yehova, dzina limene William Tyndale analilowetsa m'Chingerezi mu 1530. Ophunzira ambiri aganiza kuti Yahweh ndilo liyandikira katchulidwe koyamba.

Otembenuza Baibulo m'Chichewa anakumana ndi vuto lomweli. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake analigwirira ntchito ku Mvera, linatuluka mu 1922 ndi dzina lakuti Yehova. Malembo Oyera a Akatolika, a mu 1966, analemba Yahve. Buku Loyera la mu 1998, lotembenuzidwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi, linatenga Chauta, dzina limene makolo anali kuitanira popempha mvula amishoni asanafike. Makolo omwewo anali kunenanso Namalenga pokumbukira kulenga kwake, ndi Mphambe pakumva bingu. Mkulu uja anali nao mabuku atatu onsewo m'bokosi. Anawatulutsa, nawayala pa mphasa, nati, "Amai anu anapemphera ndi ili, agogo anu anafa asanaone lililonse. Sankhani amene mufuna kumtaya kunja."

Apa wamkulu uja anayankha mwaulemu kuti, "Komatu bambo, Mulungu ali nao anthu ake osankhika." Ndipo ananena zoona, pakuti Malembo aphunzitsa kuti Mulungu anasankha Abrahamu ndi mbeu yake mwa Isake ndi Yakobo, napangana nao pangano pa Sinai. Ayuda asunga panganolo kufikira lero. Koma Malembo omwewo atsekereza njira ya kudzitama. Buku la Deuteronomo likumbutsa Aisrayeli kuti sanasankhidwe chifukwa cha kuchuluka, popeza anali ochepa mwa mitundu. Mneneri Amosi anawachenjeza kuti kudziwika kwao ndi Mulungu ndiko kudzawabweretsera chilango pa zolakwa zao, nawauzanso kuti amene anawatulutsa ku Ejipito ndi yemwe anasamutsa Afilisti ndi Aaramu. Ndipo Rute, mkazi wochokera ku Moabu komwe kuja kwa Mesa, anakhala kholo la mfumu Davide. Aphunzitsi Achiyuda anenanso kuti olungama a mitundu ina ali nalo gawo m'dziko lilinkudza. Kwa Akhristu, Paulo anafanizira a mitundu ina ndi nthambi zomezetsanidwa pa mtengo wa azitona, nawaletsa kunyoza nthambi zoyamba.

Kusankhidwa kotere kufanana ndi unkhoswe. Banja likasankha nkhoswe, siliipatsa mpando wa ufumu. Nkhoswe ndiyo idzutsidwa usiku ukwati ukavuta, ndiyo iyenda mtunda kukapepesa, ndipo mlandu ukakula iyamba kufunsidwa ndiyo. Nkhoswe yonyadira kusankhidwa kwake ndi kuiwala ntchito yake ipasula banja limene inayenera kulimanga.

Mbiri ionetsa zimene zichitika anthu akalanda mau akuti osankhika ndi kuwasandutsa chibonga. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu ena a ku Ulaya anaphunzitsa kuti Ayuda ndi otayika, ndipo chidani chimenecho chinalimira munda a Nazi, amene anapha Ayuda ngati 6,000,000 pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Ku South Africa azungu ena anadziyesa Israyeli watsopano pakati pa anthu akuda, ndipo mpingo wa Dutch Reformed unachirikiza tsankho ndi Malembo, kufikira mu 1986 pamene unavomera kuti unalakwa. Onsewa anali kulidziwa dzina la Mulungu, nalitchula tsiku ndi tsiku. Lamulo lija loletsa kutchula dzinalo pachabe liwakhudza iwo koposa munthu wolakwitsa katchulidwe.

Mkuluyo sanauze mwana aliyense kuti asiye mpingo wake. Anangoti, "Inu wamkulu, mulikonda dzinalo, ndipo muchita bwino, lisungeni loyera. Inu wamng'ono, lekani kuseka mbale wanu pa bwalo. Koma nonse mudziwe kuti kaundula wa anthu a Mulungu sasungidwa m'nyumba muno."

Tsiku limenelo anawo anachoka osagwirana chanza, ndipo za dzina lija sagwirizana kufikira lero. Koma mvula yoyamba itagwa, munda wa mai wao unali wosalima, ndipo atate wao analibe mphamvu zogwira khasu. Wamkulu anafika mamawa, nayamba mizere chakumtunda. Wamng'ono anafika dzuwa litatuluka, nayamba chakumunsi. Masana mlongo wao anabwera ndi nsima m'mbale imodzi, pakuti m'nyumbamo mbale zina zinali zisanabwezedwe chichokere pa maliro. Anasamba m'manja, aliyense napemphera chamumtima m'dzina limene alidziwa, ndipo anadya.