Kapu ya Tiyi ku Molumbo

Kwa zaka zambiri ndinkayenda maulendo anga ndi fulasiki ya tiyi m'chikwama, yokonzedwa ndi mayi akunyumba m'mbandakucha. Ndikafika pamalo achilendo ndinkamwera tiyi wangayo m'galimoto, kenaka n'kupita kwa amene akundiyembekeza. Kumeneko ankandikhazika pampando wabwino, kundiphera nkhuku, ndi kundiuza zokhazo zimene mlendo amayenera kumva. Ndinkabwerako nditakhuta, koma malowo osawadziwa. Chizolowezi chimenechi chidathera ku Molumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo ndati ndikufotokozereni mmene chidathera.

Wopita ku Molumbo kuchokera kuno kwathu amadzera ku Mulanje, nawoloka malire pa Muloza, nalowa m'tauni ya Milange imene ili m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Kuchokera pamenepo msewu umalowera kumpoto chakum'mawa, kulunjika ku Gurúè, kwawo kwa tiyi wa ku Mozambique, kumenenso kuli phiri la Namuli. Molumbo ali panjira imeneyi, m'chigawo cha Zambézia. Kale adali mbali ya boma la Milange, koma mu 2013 adakhala boma paokha. Ndi dera la alimi a chimanga, nandolo, soya ndi fodya. Pamsika mumamva Chilomwe, Chichewa ndi Chipwitikizi, nthawi zina zonse zitatu pakamwa pa munthu mmodzi.

Ulendo wanga udali m'nyengo yozizira, m'mwezi wa June. Galimoto imene ndidakwera pa Milange idali yodzaza anthu ndi katundu, ndipo mabampu a mumsewu adaswa fulasiki yanga, tiyi n'kunyowetsa zovala za m'chikwama. Ndidatsika pa Molumbo ndili mbuu ndi fumbi, njala ndi chisanu zitandigwira pamodzi. Amene adayenera kudzandichingamira adali asanafike. Ndidaona utsi ukutuluka m'kanyumba ka zidina kumbali kwa msika, pakhomo pake atatsamiritsa njinga zambiri. Ndidazengereza pang'ono, kenaka ndidawerama n'kulowa.

M'mizinda ikuluikulu ya dziko limenelo, monga Maputo ndi Beira, muli nyumba zomweramo khofi zimene mwambo wake udabwera ndi Apwitikizi: khofi wowawa m'kakapu kakang'ono, womwa utakhala patebulo pakhonde. Tiyirumu ya ku Molumbo siidali yotero. Mudali mabenchi atatu ndi tebulo limodzi lalitali, loyalidwa pepala la pulasitiki. Pakona padali mbaula, ketulo yakuda ndi mwaye ikubwadamuka pamenepo. Tiyi ankathira m'makapu aakulu, shuga wambiri, mkaka waufa kwa amene ali ndi ndalama yoonjezera. M'beseni lovundikira ndi nsalu mudali mandasi ndi timabuledi tija ta kumeneko timene amati pau, touma kunja, tofewa m'kati. Mayi wogulitsayo ankalandira metikali ndi kwacha yomwe, kuwerengera kwake kwapamtima, kopanda cholembera.

Palibe amene adandidziwa, choncho palibe adaimirira kapena kuthamangira mpando. Bambo wina adangosendera nati, “Khalani apa, achimwene.” Kunena zoona, poyamba mtima udandiwawa pang'ono, pakuti ndidazolowera ulemu wina. Koma nditakhala pabenchipo, phewa langa litagundana ndi la mnzanga, ndidayamba kumva zimene sindikadazimva m'chipinda cha alendo.

Ambiri mwa amene adali mmenemo adali anyamata onyamula chimanga panjinga. Ankakambirana za mtengo wa chimanga kumalire, za sikelo za mavenda ena zimene zimadya mlimi, za mlatho umene udakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndi za mnzawo amene adathyoka mwendo njinga itamugwera pamtsetse ili ndi matumba atatu. Wina ankadandaula kuti nandolo adamupusitsa: chaka china mtengo udakwera, aliyense n'kulima wambiri, ndipo chaka chotsatira adasowa womugula. Ankaseka pofotokoza zimenezi, koma chidali chiseko cha munthu amene fizi ya mwana wake idatsalira m'munda.

Atamva kalankhulidwe kanga, mayi wa tiyirumuyo adandifunsa kwathu. Nditatchula Malawi, nkhope yawo idawala. Adati adakhalako ali kamtsikana, pamsasa wa othawa nkhondo ku Muloza, ndipo kuwerenga adaphunzirira komweko. Achinyamata amene mukuwerenga nkhani ino mwina simudziwa kuti nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, idasakaza kwambiri chigawo cha Zambézia. Tauni ya Milange idalandidwa ndi Renamo mu 1986, ndipo anthu adakhamukira ku Mulanje ndi mitolo pamutu. Pofika pa 4 October 1992, pamene pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome, Malawi adali atasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi.

Apa ndi pamene lilime langa lidaterereka. Ndidanena monyada kuti, “Eya, ife Amalawi tidakusungani nthawi imene ija.” M'nyumbamo mudati zii. Pakona padali mkulu wina wa imvi, amene nthawi yonseyi ankangoviika pau wake m'tiyi osalankhula. Adaika kapu pansi nandiyang'ana mofatsa.

“Mudatisungadi, bambo, ndipo sitiiwala. Ine mkazi wanga woyamba adagona ku Mulanje komweko, ndipo manda adakumba ndi anthu a kwanu. Koma tandiuzani, njala ya 2002 ija, nsima imene mudadya idali ya chimanga cha kuti?”

Ndidasowa poyambira. Ndidakumbukira chaka chimenecho, pamene anthu kwathu ankadya zitsa za nthochi ndi madeya, ndipo njinga zinkawoloka pa Muloza usana wonse ndi matumba a chimanga chopita ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Ndidadyako nsima imeneyo pamodzi ndi ana anga, koma sindidafunsepo kuti adalima ndani. Tsopano olimawo ndidali nditakhala nawo pabenchi limodzi. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo ine ndinkangowerenga zimene tidapatsa, osawerenga zimene tidalandira.

Mkuluyo sadafune kundichititsa manyazi. Adapitiriza kufotokoza kuti achibale ake ena ali ku Phalombe, ena ku Chiradzulu, ndipo maliro akagwa tsidya lina, a tsidya linalo amapita kukalira. Zimenezi n'zogwirizana ndi mbiri. Malire amene tili nawowa adagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa eni nthaka. Alomwe ambiri a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu makolo awo adachokera mbali yomweyi, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nakagwa m'thangata m'minda ya azungu ku Nyasaland. Manja awo ndi amene adathyola tiyi wambiri wa ku Mulanje. Ndidayang'ana m'kapu mwanga ndipo ndidaona kuti ngakhale tiyi amene ndinkamwayo adali ndi mbiri ya mbali zonse ziwiri.

Nditafuna kulipira, mayi aja adapukusa mutu nati zalipiridwa kale. Adalipira ndi mnyamata uja wodandaula za nandolo, amene panthawiyo adali atatuluka kale, akumanga matumba panjinga yake. Ndidamuthamangira kuti ndimubwezere, koma adakana. “Mlendo ndi mame, bambo,” adatero, nakankha njinga yake kulowera kumalire. Dzina lake sindidalifunse, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Amene ndinkawayembekeza aja atafika, adapepesa kwambiri pondipeza m'malo otero. Ndidawauza kuti asapepese. Masiku atatu amene ndidakhala ku Molumbo, m'mawa uliwonse ndinkabwerera pabenchi lomwe lija ndisanayambe ntchito imene ndidapitira.

Tsono abale ndi alongo, ambiri a inu mumayenda, ena pa malonda, ena pa ntchito, ena kukaona achibale. Mukafika pamalo achilendo, musamangodutsa. Funani pamene eni dera amamwera tiyi m'mawa, kaya ndi pa Muloza, pa Jenda, ku Chipata kapena ku Ulongwe. Perekani moni kwa onse, khalani pamene akulozerani, ndipo udindo wanu muusiye pakhomo pamodzi ndi njinga. Funsani za mvula ndi za mtengo wa mbewu, kenaka tcherani khutu. Safunsa adadya phula. Musajambule anthu musanapemphe, ndipo musanenerere mtengo wa kapu ya tiyi, pakuti phindu la mayi wogulitsayo ndi lochepa kale.

Fulasiki ina sindidagulenso. Mayi akunyumba amandiseka kuti ndidakana tiyi wawo chifukwa cha wa ku Molumbo. Ine ndimangoti ndili ndi ngongole ya kapu imodzi, ndipo popeza mwini wake sindidzamupezanso, ndimaibweza kwa mlendo aliyense amene ndamupeza pabenchi la tiyirumu kuno kwathu.