Mtengo Wotuluka Magazi

Ukatema mlombwa, pakhungwa pamatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Malume anga, amene anandigwiritsa kasemasema koyamba, ankati mtengo umenewu nkhani ya Lachisanu Loyera umaidziwa kale. Iwo anaphunzira kusema ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Anabwerera kuno kwa Zulu ndi matchizulo m'thumba la fetereza, ndipo ine ndinakulira m'zipalapasa za pakhonde pawo.

Ndimasema mitanda ya matchalitchi a m'midzi komanso zithunzi 14 za Njira ya Mtanda. Lenti ikayandikira, makatekisiti amabwera panjinga ndi ndalama zosonkha m'miphakati, zomanga pakansalu. Ndalama zotere sungazigwirire ntchito mwachinyengo.

Chipika ndimachiumika pamthunzi miyezi yambiri. Chaka china ndinapupuluma, ndinasema mtengo wosauma bwino chifukwa eni ake ankandikakamiza. Pofika Okutobala, kutentha kutakula pansi pa malata, thupi la Ambuye linang'aluka kuyambira pakhosi mpaka pamchombo. Ndinakalitsitsa ndekha, akhristu akuyang'ana, ndipo ndinasemanso lina osalandira kanthu. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Thupi limachokera pachipika chimodzi, koma mikono ndimasema padera, motsata mitsempha ya mtengo, kenako n'kulumikiza paphewa ndi zikhomo ndi guluu. Ukaisema modutsa mitsempha, imathyoka pachigongono. Nthiti ndimaziwerenga ndi chala pachifuwa changa. Zikhatho ndimazipanga zokhakhala, za munthu wogwira ntchito, poti Iye anali mmisiri wa matabwa. Pofika pokhoma misomali m'manjamo, ndimayamba ndaima kaye. Zaka zonsezi nyundo imandilemerabe pamenepo.

Chovuta ndi nkhope. Ukaonjeza ululu, anthu amangoona maliro, chiyembekezo osachiona. Ukaisalaza kwambiri, Ambuye amakhala ngati munthu wogona tulo tabwino, ngati chipulumutso chathu sichinamupweteke. Pakati pa ziwirizi pamangokhala kachipalapasa kamodzi pansi pa diso, ndipo nthawi zina ndimatha masiku atatu ndikuopa kukachotsa.

Mkulu wina wa mpingo anandifunsa kuti, "Bambo, Yesu wa mphuno yachimalawi mwamutenga kuti?" Sindinakwiye. Ansembe a White Fathers atafika ku Kachebere mu 1903, anabwera ndi zithunzi za kwawo, ndipo makolo athu anazolowera nkhope zimenezo. Ndinawayankha kuti amisiri a ku Ulaya nawonso anajambula nkhope za abale awo. Ine ndikamasema chithunzi cha 13, pamene Maria akulandira mtembo wa mwana wake, ndimamuveka duku ndi chitenje, n'kumukhazika pansi atatambalala miyendo, monga amakhalira amayi m'nyumba ya siwa. Mayi anga ndinawaona atakhala choncho tsiku limene tinataya mkulu wanga.

Mlombwa tsopano ukusowa, makala ndi macheka zaupulula, moti nthawi zina ndimasema m'bawa. Ndadzala mbande kuseri kwa nyumba, ngakhale wodzasema mitengoyo sindidzakhala ine.

Sabata yatha ndinakapemphera pa tchalitchi chimene chili ndi mtanda wanga wakale. Polishi wa kumapazi anatha, zala zake zada ndi kusalala chifukwa cha manja a anthu. Gogo wina anafika ndi ndodo, anagwira pomwepo, n'kukhala nthawi yaitali milomo ikugwedera.