Ng'oma ya ku Angonia pa Sikelo ya ku Chingodzi

Munthu wochokera ku Ulongwe akatsika mapiri a ku Angonia, nadutsa pa mphambano ya Mussacama, nafika ku Moatize kumene kuli fumbi la malasha, amakhala atatsala pang'ono kuona mtsinje wa Zambezi. Asanaoloke mlatho wa Samora Machel kulowa mumzinda wa Tete pali malo otchedwa Chingodzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali bwalo la ndege la provinsiya yathu. Ambiri a ife timangodutsapo tili m'chapa, poganiza kuti amenewo ndi malo a mabwana ndi a ku migodi. Koma inu abale oimba ng'oma ndi ovina ngoma ya Chingoni, malo amenewa akukukhudzani.

M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Mozambiki, Malawi ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Nthawi yomweyo lidalengezanso chimodzimodzi za timbila za Achopi a ku Zavala, m'provinsiya ya Inhambane. Tsono gulu la kumudzi likhoza kulandira kalata yoliitana ku chikondwerero cha zachikhalidwe ku Maputo, kapenanso kunja kwa dziko. Kuchokera ku Tete kufika ku Maputo pa msewu ndi makilomita opitirira 1,500, pamene pa ndege ndi ulendo wa maola awiri kapena kuchepera pang'ono. Chovuta ndi chakuti ng'oma yathu idazolowera kuyenda pamutu, panjinga ndi pangolo. Ndege ili ndi malamulo ake, ndipo gulu losawadziwa likhoza kusiya mbalule wake pa khomo, kapena kukamulandira atang'ambika.

Mukalowa m'nyumba ya pa bwalo la ndege, choyamba kukumana nacho ndi sikelo. Kumudzi timafunsa kuti katundu wakwana m'ngolo kapena ayi. Apa amafunsa makilo. Makampani ambiri a ndege amalola munthu mmodzi chikwama cha makilo 23 cholowa pansi pa ndege, ndi kachikwama kena kakang'ono ka m'manja. Zopitirira apo mumalipira, ndipo ambiri salandira mtolo umodzi wolemera kupitirira makilo 32, chifukwa amene amaunyamula ndi anthu. Ambiri amayezanso kukula kwake: kutalika, kufupika ndi msinkhu akaziphatikiza zisapitirire masentimita 158. Mpanje ndi wautali, gunda ndi wamkulu mimba. Nchifukwa chake mtsogoleri wa gulu ayenera kuyeza ng'oma iliyonse akadali kumudzi, ngakhale pa sikelo yogulira chimanga, ndi kuuza a kampani ya ndege tsiku logula tikiti. Safunsa adadya phula.

Phula lomwelo nalo lili ndi nkhani yake. Tete si Angonia. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo katundu amadikira pa ngolo zake padzuwa asanamulowetse m'ndege. Phula la pa ng'oma limafewa n'kumatirira ku nsalu, choncho ndi bwino kulimatula ndi kulisunga m'kachitini. Ndege ikakwera, mpweya wa m'kati mwake umakhala wouma, chikopa chimakungika ndipo mtengo ungachite ming'alu. Ng'oma ya zingwe mungathe kuimasulako, koma yathu ndi yokhomera zikhomo. Chimene chimathandiza ndi kuphimba chikopa ndi bulangeti, kuikapo thabwa lopyapyala pamwamba, kudzaza m'kati ndi zovala, ndi kuiika m'bokosi lamatabwa. Thumba la chimanga silingaiteteze pamene masutikesi ena akuunjikidwa pamwamba pake.

Mukachoka pa sikelo mufika pa makina ounika. Makina amenewa amaona zonse za m'chikwama chili chotseka, ndipo wapolisi akakayika amalamula kuti mutsegule. Ovina ngoma adziwe kuti nthungo, zibonga ndi mipeni sizilowa m'chipinda chokhala anthu. Zimakulungidwa bwino ndi kupita pansi pamodzi ndi zishango. Parafini ndi petulo sizikwera konse. Mabatire apadera a lithiyamu, onga a foni ndi a masipika a masiku ano, amakhala m'chikwama cha m'manja, chifukwa akagwira moto pansi palibe wowazimitsa.

Pa makina omwewa pali nkhani ina imene akuluakulu a kudambwe ayenera kuiganizira asananyamuke. Pali katundu amene sititchula mu nyuzipepala, amene sayenera kuonedwa ndi amayi, ana ndi osalowa. Wa pa bwalo la ndege sadziwa mwambo umenewu, ndipo mwina ndi mayi wochokera ku Beira kapena ku Lisboa amene akungogwira ntchito yake. Kukana kutsegula ndi kutaya ulendo. Chanzeru ndi kunyamula kalata ya ofesi yoona zachikhalidwe yofotokoza kuti katunduyo ndi wamwambo, ndi kupempha mwaulemu kuti aunikidwe m'chipinda chapadera, mkulu wa gulu ali pomwepo. Ndipo ngati akuluakulu aona kuti chinthu china sichingapirire ulendo wotere, chitsale kumudzi. Palibe manyazi pamenepo.

Ulendo ukakhala wa kunja, pa Mavalane ku Maputo kapena ku Johannesburg mumasintha ndege, ndipo kumene mukupitako mukakumana ndi a kasitomu. Iwo sayang'ana kukoma kwa gule. Amayang'ana chikopa, nthenga ndi mtengo. Pali pangano la maiko lotchedwa CITES, la m'chaka cha 1973, limene Mozambiki idalowamo mu 1981. Pangano limeneli limaletsa kuolotsa malire zinthu zonga chikopa cha kambuku, chikopa cha nsato ndi mnyanga wa njovu popanda chilolezo cha boma, ngakhale chinthucho chikhale cha agogo anu. Akachipeza amalanda. Chikopa cha mbuzi kapena cha ng'ombe chosafufuta, chokhala ndi ubweya, amachiopanso chifukwa cha matenda a ziweto otchedwa anthrax. Ku London m'chaka cha 2008 munthu wina wopanga ng'oma adamwalira ndi matenda amenewa atawatenga ku zikopa. Choncho chikopa chikhale chometedwa, choyera ndi chouma bwino, ndipo mufunse kwa a zaziweto kalata yake.

Ngakhale oimba otchuka adalirapo pa mabwalo a ndege. Mu Disembala 2013 woimba zitoliro Boujemaa Razgui adadandaula kuti zitoliro zake za bango zidaonongedwa ndi a kasitomu ku New York. Iwo adayankha kuti adaononga nsungwi zaziwisi poopa tizilombo ta mbewu. Anzathu Anyungwe oimba nyanga, amene zitoliro zawo ndi za mtundu womwewo, amve zimenezi. Mu Febuluwale 2020 Ballaké Sissoko wa ku Mali, katswiri wa kora, choimbira cha zingwe 21 chopangidwa ndi chipanda ndi chikopa cha ng'ombe, adafika ku Paris kuchokera ku New York napeza kora yake ili zidutswazidutswa. Iye adaloza chala ounika katundu a ku America, iwo adakana. Phunziro lake ndi lakuti mujambule chithunzi cha choimbira chilichonse musanatseke bokosi, musunge kapepala ka nambala kamene amakupatsani pa sikelo, ndipo mukapeza chaonongeka mudandaule pomwepo musanatuluke pa bwalo.

Zonsezi zisatigwetse mphwayi, chifukwa ana a dziko lino adadutsa kale njira imeneyi. Gulu la Ghorwane la ku Maputo lidakajambula nyimbo ku England mu 1991. A Massukos a ku Lichinga adakaimba ku Britain. Malemu Venâncio Mbande wa ku Zavala, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Joni ndipo adamwalira mu 2015, adakamveketsa timbila ku Ulaya. Timbila ndi yosachedwa kusweka kuposa ng'oma yathu: matabwa ake ndi a mtengo wa mwenje, ndipo pansi pake pali zigoba za mateme zomatidwa ndi phula la njuchi. Ngati zigoba za mateme zidaoloka nyanja, mbalule sangalephere.

Oimba magitala ali ndi nzeru imene tingatengereko. Iwo amanyamula gitala lokha, masipika ndi zina zolemera amakabwereka komweko. Ifenso tinyamule chokhacho chimene sichipezeka kwina, ndipo tifunsiretu okatilandira kuti ng'oma tikaziwamba bwanji, popeza m'nyumba zawo zamasewero salola kukoleza moto. Ena amagwiritsa ntchito mbaula yamagetsi.

Tsono inu anyakwawa ndi atsogoleri a magulu a ku Domwe, Tsangano, Macanga ndi Zobwe, kalata yoitana ikafika musangothamangira pasipoti ya anthu. Khalani pansi, lembani ndandanda wa zoimbira zonse, makilo ake, mtengo wake ndi chikopa chake, ndipo mufunse amene wakuitanani kuti katundu wopitirira alipira ndani. Ntchito imeneyi ichitike kukadali miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa pa Chingodzi ndege sidikira munthu monga amachitira wachapa.