Digiri yachiwiri pa mbaula ya ku Chikanda

Anthu akamva za Zomba amaganiza za phiri, damu la Mulunguzi ndi masitiroberi ogulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita Ku Chawe. Ine ndimakumbuka Chikanda, komwe ndinkachita lendi kachipinda kamodzi pomwe ndinkaphunzira digiri yachiwiri ku University of Malawi. Fizi ndinkalipira ndekha, kuchokera pa malipiro a uphunzitsi.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe inkandifikitsa kumapeto kwa mwezi inayamba kuthera pa 18.

Masamu enieni ndinawaphunzira mumsika wa Zomba. Mukapita m'mawa, tomato amakhala pa mtengo wa mabwana. Dikirani cha m'ma 5 madzulo, amayi akulongedza katundu: mulu womwewo umatsika, basela pamwamba. Mayi wina wogulitsa matemba a ku nyanja ya Chilwa anandizolowera mpaka ankandiseka, "Aphunzitsi, lero ndi ngongole kapena kashi?" Makala tinkasonkherana anthu atatu, nyemba n'kuphika mphika umodzi Lamlungu. Kabaza ndinasiya, miyendo ilipo.

Chovuta chinali foni yochokera kumudzi. Kumeneko munthu wa masitazi ndiye kuti ndi wolemera, ndipo pa maliro a amalume sunganene kuti bajeti yakana. Mwezi umenewo ndinadya soya pisi mpaka kumunyansidwa.

Kuphiriko ndinakwerako kamodzi kokha, wapansi, tsiku lomwe ndinapereka kafukufuku wanga. Masitiroberi aja ndinagula kambale kamodzi, nditanenerera.