Za Kuzindikira Fupa Losanduka Mwala

Pa zaka zanga za uphunzitsi ana anditengera miyala yambiri, nati, "Aphunzitsi, taonani fupa la chilombo chakale." Yochuluka mwa iyo imakhala nsangalabwi zokulungizidwa ndi madzi, kapena lubwe wa m'munda. Koma sindiwaseka, pakuti mafupa otere alipodi m'dziko lathu. Ku Karonga anafukula mafupa a chinyama chachikulu chimene chinayenda padziko zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Sidney Haughton analemba za icho mu 1928, ndipo mu 1993 chinatchedwa Malawisaurus.

Chifukwa chake ndiwaphunzitsa kuyesa mwala motere. Choyamba, ayang'ane pobenthuka pake. Fupa, lingakhale lasanduka mwala, lisunga timabowo tating'ono m'kati mwake, monga chinkhupule. Mwala wamba ulibe. Chachiwiri, alikhudze ndi chala chonyowa, pakuti timabowo tija timwa madzi, ndipo chala chimamatirira pang'ono. Chachitatu, alinyamule: lilemera koposa fupa la ng'ombe yofa chaka chatha, popeza mchere wa m'nthaka unalowamo. Asanyengedwe ndi timizere takuda tonga masamba pamwala. Kawirikawiri si masamba ai, koma mtapo umene madzi anausiya m'ming'alu.

Malonso anena zoona. Thanthwe la phiri la Mulanje linauma kuchokera ku mwala wosungunuka ndi moto, ndipo simungakhale fupa m'menemo. Mafupa agona m'miyala imene inali matope ndi mchenga wa mitsinje ndi nyanja zakale.

Koma chachikulu ndi ichi: wopeza fupa loona asalizule. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, anthu ofufuza pamodzi ndi Friedemann Schrenk anapeza nsagwada ya munthu wakalekale, ya zaka zoposa mamiliyoni 2. Dzino lina linali lobenthuka. Ndipo popeza anadziwa malo enieniwo, anabwerera chaka chotsatira, nasefa mchenga wambiri, napeza kachidutswa kosowako. Mwana akadaitola nsagwadayo, nakaiika pa windo la kwao, kachidutswako kakadatayika, ndi zaka zake sizikadadziwika, pakuti ziwerengedwa ndi dothi logonamo fupalo.

Potero, abale, mukapeza chotere polima kapena pokumba chitsime, ikanipo chizindikiro, muuze mfumu, ndipo mawu afike kwa osunga zakale a boma. Chimene nthaka inasunga nthawi yaitali yotere tisachiwononge ife tsiku limodzi.