ULENDO WA KU SOJAT, KWAWO KWA HINA



Amayi a kunyanja kuno amaidziwa bwino hina. Idi ikamayandikira, kapena pakakhala nikah pamudzi, wopita ku tauni amatumidwa kapaketi ka ufa wobiriwira uja kusitolo ya Amwenye. Koma ndi angati mwa ife amene tinadzifunsapo kumene ufawu umachokera? Ife, mwa chifuniro cha Allah, tinapondako m'mwezi wa Novembala 2023 tili ku India pa maphunziro a miyezi yochepa, ndipo tati zimene tinaona tikugaireniko.

Malowo ndi Sojat, tauni ya m'boma la Pali m'chigawo cha Rajasthan. Tinakwera sitima ya pamtunda mumzinda wa Ajmer, ndipo patapita maola owerengeka tinatsikira pa siteshoni ya Sojat Road. Amene anatitenga ndi mnzathu wa m'kalasi, Msilamu wobadwira komweko. Dzikolo ndi louma, fumbi lake longa la ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala, koma hina ndiye imakondwa ndi zoterozo. Sifuna madzi ambiri, ndipo chitsamba chake chikagwira chimakhala zaka zambiri, eni ake n'kumangochidula chaka ndi chaka. Ife tinafika nyengo yokolola. Tinaona amayi akumweta nthambi ndi zikwakwa, ena akuyanika, ena akupuntha kuti masamba ayoyoke, kenaka matumba ulendo wa kumsika ndi kuzigayo. Tauni yonse imanunkhira hina. Eni ake amaitcha mehndi, ndipo mu 2021 dzina loti Sojat Mehndi linalembetsedwa m'kaundula wa boma la India kuti hina ya kwina isamagulitsidwe ndi dzinalo.

Masiku amenewo Ahindu anali kukonzekera Diwali, chikondwerero chawo cha nyali, chimene chaka chimenecho chinagwa Lamulungu pa 12 Novembala. Amatsuka ndi kupaka nyumba, amajambula maluwa pakhomo ndi ufa wa mitundumitundu, ndipo usiku amayatsa tinyali tadothi ta mafuta. Iwo amati akukumbukira kubwerera kwa Rama ku Ayodhya atakhala kuthengo zaka 14, komanso amapembedza Lakshmi amene amamutenga ngati mwini chuma. Zimenezi ndi zawo. Ife timagwadira Allah Mmodzi yekha, wopanda wothandizana naye.

Tsono Loweruka lake, mayi wina wachihindu woyandikana nyumba ndi mnzathu uja, amenenso ndi mphunzitsi, anatuma mwana kudzatiitana kuti tikaone zimene ana akuchita pabwalo pake. Kunena zoona, mtima unakayika. Kodi mphunzitsi wa madrasa akatani pabwalo la Diwali? Koma bambo ake a mnzathuyo, nkhalamba ya ndevu zofiira ndi hina, anati: "Pitani, ana anga. Mapemphero awo ndi a mawa usiku m'nyumba mwawo, ndipo ife sitilowako. Lero kuli ana ndi mapepala basi. Mayi ameneyu ndi amene amayamba kufika pakhomo pano tikadwala."

Tinapeza ana akhala pansi mozungulira. Aliyense anaika dzanja lake papepala, mnzake n'kulizunguliza ndi pensulo. Mayi uja anali atasakaniza penti wofiirira ndi phala la ufa wa tirigu, n'kuthira m'timapepala ta pulasitiki topinda mosongoka ngati ta mtedza wokazinga, n'kudula kunsonga kabowo kakang'ono. Mwana akafinya, penti ankatuluka ngati ulusi. Ankayambira pakati pa chikhatho ndi kadontho, n'kumazunguliza timizere, masamba a duwa, chithunzi cha bango la mtsinje kapena cha mango, mpaka kukafika kunsonga za zala. Ena ankajambula pikoko, ena nyali ya Diwali.

Pagulupo panalinso kamtsikana ka mnzathu uja, katavala kampango kake. Mnyamata wina wachihindu anafuna kukathandiza pokajambulira chizindikiro cha chipembedzo chawo pachikhatho cha papepalacho. Iko kanagwira pepala lake n'kunena mwaulemu kuti, "Ife timajambula maluwa okha." Mnyamatayo sanakwiye, anakajambulira duwa. Ife tinachita manyazi ndi mantha athu aja. Mwana amene waphunzitsidwa bwino tauhidi kwawo amadziwa polekezera, ndipo polekezerapo sapafunika mwano. Ndime 8 ya Surat Al-Mumtahana ikutiphunzitsa kuti kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu a chipembedzo china amene sakulimbana nafe si choletsedwa.

Tinafunsa mayiyo chifukwa chimene ana akupakira papepala pomwe hina yadzaza tauni yonse. Iye anaseka nati mwana sangakhale maola angapo manja ali m'mwamba kudikira kuti hina iume, ndiponso ukalakwitsa papepala umangotenga lina, pomwe padzanja cholakwacho uyenda nacho milungu iwiri. Izi n'zoona. M'masamba a hina muli utoto wotchedwa lawsone umene umamatirira pakhungu, ndipo umagwira kwambiri pachikhatho ndi kuphazi pamene khungu ndi lokhuthala. Umayamba wofiirira ngati lalanje, n'kuderako patapita masiku awiri, ndipo suchoka ndi sopo mpaka khungulo litasuluka lokha.

Apa makolo timvetsetse. Hina yeniyeni sikhala yakuda bii. Imene amaitcha hina yakuda kawirikawiri imakhala yosakaniza ndi mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD, amene amatha kutulutsa matuza ndi kusiya zipsera. Chachiwiri, makanda asapakidwe hina ngakhale yeniyeniyo. Pali ana ena, makamaka aamuna a m'madera a malungo ngati kwathu kuno, amene amabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa kuperewera kwa G6PD. Otere hina imatha kuwaswera magazi, mwana n'kuchita chikasu ndi kufooka, pomwe makolo sankadziwa n'komwe kuti ali ndi vutolo.

Titabwerera kumudzi tinayesa luso lija ndi ana a ku madrasa kwathu Idi ya nsembe itayandikira. Penti tinalibe, choncho tinasefa katondo n'kusakaniza ndi phala lopyapyala la ufa wa kondowole, ndipo mapepala a shuga ndiwo anakhala zofinyira. Tinasiya pikoko ndi nyali, popeza maulama ambiri salimbikitsa kujambula zamoyo, ndipo nyaliyo ndi ya mwambo wa eni ake. Ana anajambula maluwa, masamba ndi mafunde a nyanja, pansi pake n'kulemba maina awo m'Chiarabu. Amene dzanja linkawanjenjemera polemba alifu ndi baa tinawaona akuwongola mzere mosavuta. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Tsiku lotsazika ku Sojat, mayi uja anatipatsa paketi ya hina ya m'munda wa kwawo, ife tinamusiyira tiyi wa ku Thyolo amene tinatsala naye m'chikwama. Allah atipatse ana olimba pa Dini yawo ndi aulemu kwa anansi awo. Amin.