Dzanja Limamva, Koma Silitchula Nambala

Ambirife tinakula tikuyezedwa ndi dzanja. Mwana akangoti ndwii osasewera, mayi amamugwira pamphumi n'kunena kuti, "Watentha uyu." Dzanjali sitilinyoza, koma ife a ku Mzuzu tikudziwa polekezera nzeru zake. Mu June ndi July, nkhungu ikakuta Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa, manja athu amazizira ngati mwala wa kumtsinje. Dzanja lotere likagwira mwana wabwinobwino, amamveka wotentha. Dzanja lochokera pa mbaula likagwira mwana wodwala, amamveka ngati ali bwino. Dzanja limangoyerekeza thupi la mwana ndi mmene ilo lilili.

N'chifukwa chake m'nyumba mwathu choyezera kutentha kwa thupi timachisunga pamodzi ndi makadi a kusikelo. Pakati pa usiku funso limakhala limodzi: tidikire kuche, kapena tidzutse aneba a galimoto? Pamenepo bambo, mayi ndi agogo akhoza kusiyana maganizo mpaka tambala kulira. Nambala imatha mkanganowo.

Zoyezera zimene tazidziwa n'zamitundu iwiri. Chakale chija n'chagalasi, chokhala ndi mekyule mkati. Daniel Fahrenheit anapanga choyezera cha mekyule mu 1714, ndipo mu 1867 dokotala wa ku England, Thomas Allbutt, anakonza chachifupi chokwana m'thumba. Mekyule akatentha amafufuma n'kumakwera pang'onopang'ono m'kanjira ka m'galasimo, ndipo munthu amawerenga yekha pamene waima. Kayezedwe kotere akatswiri amati analogi. Sichifuna batire, koma kuchiwerenga ndi tochi magetsi atazima ndi ntchito. Choopsa n'chakuti mekyule ndi poizoni: mpweya wake umawononga ubongo ndi impso. Mu 2013 mayiko anagwirizana, m'pangano la Minamata, zosiya kupanga ndi kugulitsana zoyezera zimenezi. Chikasweka m'nyumba, tulutsani ana, tsegulani mawindo, ndipo musasese ndi tsache kapena kugwira ndi manja. Wolani timadontho take ndi pepala lolimba n'kutsekera m'botolo.

Chatsopano n'cha dijito, cholemba manambala. Kunsonga kwake kuli kanthu kochepa ngati njere ya mpiru kotchedwa thermistor, kamene kamalola magetsi kudutsa mosavuta kakamatentha. Magetsiwo amasintha pang'onopang'ono monga amachitira mekyule uja, kenako kachipangizo kena mkatimo kamawayeza n'kuwasandutsa nambala. Ndiye kuti cha dijito chimayambira pa analogi yemweyo, chimangotiwerengera. Tinthu totere tatizungulira osadziwa. Tili mu foni kuyang'anira batire, mu injini ya minibasi, komanso m'mafiriji a kuchipatala, momwe katemera wa ana athu amayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Palinso chija chonga kamfuti chimene ankatiloza nacho pamphumi mu 2020, nthawi ya Covid-19, polowa m'banki, m'sitolo ndi m'tchalitchi. Icho chimamva kutentha kochoka pakhungu popanda kukhudza. Munthu amene wayenda m'mphepo ya m'mawa kuchokera ku Luwinga khungu lake limakhala lozizira, choncho nambala imatsika ngakhale m'thupi muli moto. Pakhomo ife timakonda cha m'khwapa, chifukwa mphepo siichinamiza chonchi.

Koma nachonso chimafuna kuchigwiritsa bwino. Timapukuta thukuta m'khwapa, timaika nsonga pakati penipeni pokhudza khungu osati malaya, timapanikiza mkono wa mwana kuthupi, n'kudikira mpaka chilire. Tikatha timapukuta nsongayo ndi sipiriti kapena madzi a sopo.

Manambala ofunika kuwaloweza ndi ochepa. Thupi la mwana wabwinobwino limakhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Kuyambira 37.5 kupita m'mwamba, poyeza m'khwapa, azaumoyo amati thupi latentha. Kwa khanda losakwana miyezi iwiri, 37.5 kapena kuposa ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Ndipo pali ngozi ina imene kuno kozizira sitiyenera kuiiwala. Khanda likatsika pansi pa 36.5 ndiye kuti lazizidwa. Silinjenjemera monga wamkulu, limangofooka n'kumayamwa mwaulesi. Liikeni pachifuwa cha mayi kapena bambo, khungu kukhudza khungu, livekeni chipewa, lifunditseni, ndipo lipitirize kuyamwa. Likatsika pansi pa 35.5, thamangani nalo kuchipatala lili pachifuwa pomwepo.

Nambala imanena kuti thupi latentha, koma sinena chalitenthetsa. Ambirife timathamangira kuti ndi malungo, ena n'kumati ku Mzuzu n'kozizira, udzudzu kulibe. Onse awiri akhoza kuphonya. Malungo alipo kuno, ndiponso timapita kunyanja ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Koma chibayo, matenda a m'khutu ndi a m'chikhodzodzo nawonso amatenthetsa thupi. Kuyezetsa magazi n'kumene kumasiyanitsa, ndipo LA ndi woyenera kumwa akapezeka malungo, osati wotsala wa mwana wina.

Palinso pamene diso la kholo limaposa chipangizo. Mwana akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamapuma mobanika, kapena akalefuka osadzuka bwino, sitifunsanso choyezera. Kaya chikuti 37, timanyamuka.

Chizolowezi china chimene chatithandiza n'kulemba. Tikayeza, timalemba nambala ndi nthawi pakapepala n'kukaika m'buku la kuchipatala. Tikafika ku Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, kunena kuti "usiku 2 koloko anali pa 39, m'mawa 38.2 atamwa panado" kumamuthandiza dokotala kuposa kungoti "wagona akutentha." Nthawi zambiri mwana amafika pamzere thupi litazizirako, ndipo kapepalako ndi kamene kamamuchitira umboni.

Choyezera cha dijito chimapezeka m'mafamase a m'tauni muno. Ngati muli nacho kale, chiyatseni lero muone ngati batire likadali ndi moyo, ndipo aphunzitseni onse osamala ana pakhomopo, agogo ndi achemwali awo omwe, kuchiika m'khwapa ndi kuwerenga nambala yake. Mvula ikayamba ndipo udzudzu ukachuluka, chikhale pamalo pamene aliyense angachipeze mumdima.